Jimmy Winkfield, Katswiri Amene Kwawo Kudamkana

Pa 17 Meyi 1875, mu mzinda wa Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America, akavalo 15 adandanda pamzere kuti athamange mpikisano woyamba wa Kentucky Derby, umene lero uli wotchuka kuposa mipikisano yonse ya akavalo m'dzikomo. Mwa anyamata 15 amene adali pamsana pa akavalowo, 13 adali anthu akuda. Wopambana tsikulo adali Oliver Lewis, mnyamata wakuda, pa kavalo wotchedwa Aristides. Ndipo amene adaphunzitsa kavaloyo liwiro, Ansel Williamson, adali munthu wobadwira muukapolo. Pa mipikisano 28 yoyambirira ya Derby, 15 idatengedwa ndi okwera akuda. Wa nambala 28 udachitika m'chaka cha 1902. Kuchokera chaka chimenecho kufikira lero lino, palibe munthu wakuda wa ku America amene adaupambananso.

Tsono funso langa nlakuti, anthu amenewa adalowera kuti? Luso siliphwa ngati chitsime cha m'chilimwe, kuti mtundu wonse wa anthu ungodzuka m'mawa wina utaiwala ntchito imene makolo awo adaigwira mibadwo ingapo. Pofuna yankho ndasankha kulondola mapazi a munthu mmodzi, James Winkfield, amene anzake ankamutcha Jimmy kapena Wink, pakuti ndiye adapambana Derby ya 1902 ija, ndiye adali wotsiriza.

Ndiyambe ndafotokoza pang'ono za masewerawo, popeza ambiri a ife kavalo tidangomuona pa kanema, atakwerapo mzungu wa chipewa chachikulu akupirikitsa akuba ng'ombe. Kavalo wa mpikisano amalemera ngati makilogalamu 500, ndipo akaliyatsa liwiro amatha kufika makilomita 60 pa ola. Wokwerapo, amene pa Chingerezi amati jockey, amayenera kukhala wa makilogalamu 50 kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye kuti kamunthu kolemera ngati thumba limodzi la chimanga kalamulire chinyama cholemera ngati matumba khumi. Mu Derby mumathamanga akavalo a zaka zitatu okhaokha, ndipo kuyambira 1896 mtunda wake ndi mailosi imodzi ndi kota, umene umatha m'mphindi ziwiri ndi timasekondi towerengeka. M'kanthawi kameneko wokwera ayenera kumva ndi maondo ndi manja ake mphamvu imene yatsala mwa kavalo. Akammasula msanga, mpweya umamthera asanafike. Akachedwa, anzake amamtsekera njira. Pamwamba pa zonsezo pali njala. Kuti thupi lisakule, okwera ankadzimana chakudya, kudzisanzitsa, ndi kuthamanga padzuwa atavala zovala zambirimbiri kuti thukuta lichotse madzi m'thupi.

Chifukwa chimene anthu akuda adachulukira m'ntchitoyi sichosowa. Kumwera kwa America, eni minda ya fodya ndi thonje ankakonda akavalo ndi kubetcherana, koma kukolopa m'khola, kudyetsa, kutsuka, kugona pafupi ndi kavalo wodwala, zonsezo zidali ntchito za akapolo. Kamnyamata kaukapolo kamene kadakulira m'khola kankadziwa mtima wa kavalo aliyense kuposa mwini wake, ndipo kakagwa nkuthyoka khosi, bwana ankangoitana kena. Kukwera kavalo wa mpikisano kudali ngati kupalasa ngalawa ya mfumu: ulemu umapita kwa mfumu, wopalasa satchulidwa. Ukapolo utathetsedwa mu 1865, nzeru zonse za m'khola zidatsala m'mitu ndi m'manja mwa anthu omasulidwawo. Eni akavalo adalibe kuchitira mwina koma kuwalemba ntchito ndi kuwalipira.

Ndipo malipirowo adayamba kukwera. Mipikisano idafalikira ku New York ndi ku Chicago, nyuzipepala zidayamba kulemba maina a okwera, anthu zikwizikwi nkumasonkhana kudzaonerera. Isaac Murphy, mwana wa msilikali wakuda amene adamenya nawo nkhondo yothetsa ukapolo, adapambana Derby katatu, mu 1884, 1890 ndi 1891, ndipo pa chaka ankalandira madola opitirira 10,000, pa nthawi imene wantchito wamba ankangoona mazana ochepa. Adali ndi nyumba yaikulu ku Lexington. Adamwalira mu 1896 asanafike ngakhale zaka 40, thupi litafooka ndi zaka zambiri za kudzimana chakudya. Koma anyamata akuda a ku Kentucky adali ataona kale kuti pamsana pa kavalo pali njira yotulukira m'munda.

Mmodzi wa anyamatawo adali Winkfield. Iye adabadwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1880 pa kamudzi ka Chilesburg, pafupi ndi Lexington, chitsirizira m'banja la ana 17. Makolo ake ankalima munda wa eni, zokolola nkumagawana ndi mwini malo, monga achitira matenanti a m'minda ya fodya kwathu kuno. Adayamba ngati wosamala akavalo, ndipo mpikisano wake woyamba adakwera mu 1898 pa bwalo la Hawthorne ku Chicago. Udatha moipa. Chifukwa cha phuma lofuna kutsogola, adadutsa kutsogolo kwa anzake mopingasa, akavalo anayi nkugwa mulu umodzi, iye ali momwemo. Akuluakulu a bwalo adamuimitsa chaka chathunthu. Atabwerera adali munthu wina, wodziwa kudikira. Mu 1900 adakhala wachitatu mu Derby pa kavalo wotchedwa Thrive, ndipo mu 1901 adapambana pa His Eminence.

Pa Derby ya 1902 ndiima kanthawi, chifukwa ndi pamene nzeru za munthuyu zimaonekera poyera. Chaka chimenecho mudathamanga akavalo anayi okha, ndipo awiri mwa iwo, Alan-a-Dale ndi The Rival, adali a munthu mmodzi, Thomas McDowell. Alan-a-Dale adali ndi liwiro koma miyendo yake idali yosadalirika, kotero kuti pomkonzekeretsa nthawi zambiri ankamkoketsa kangolo kopepuka, kuopa kumsenzetsa munthu. McDowell adali ndi okwera awiri, Winkfield ndi mzungu wina, Nash Turner, ndipo mzunguyo ndiye adali ndi mwayi wosankha kavalo poyamba. Winkfield mwini, atakalamba, ankasimba kuti pa zoyeserera za m'mawa ankamgwira dala Alan-a-Dale kuti asaonetse liwiro lake lonse, pamene The Rival ankamlekerera. Turner adaona nthawi zimene zidalembedwa, nasankha The Rival. Ankasimbanso kuti njira ya pabwalopo idali ndi mchenga wakuya cha kunja kwake, ndipo iye ankadziwa pamene udaunjikana. Mpikisano utayamba adatsogola kutali. Koma atakhota komaliza adamva kuti kavalo wake wayamba kutsimphina. Aliyense amene ankafuna kumpitirira, iye ankamsendezera pang'onopang'ono kumchenga kuja. Adafika pamzere patsogolo pa Inventor, kusiyana kwake kuli kwa mphuno ya kavalo basi, ndipo Alan-a-Dale sadathamangenso chaka chonsecho.

Wina anganene kuti kumeneko nkuchenjera kwa kalulu, osati masewera. Ine ndikuti mnyamata amene lamulo la pakhola lidampatsa zotsala za mnzake adapeza njira yoti zotsalazo zikhale zabwino. Mu 1903 akadatha kupambana kachitatu motsatizana, chinthu chimene mpaka pano palibe adachichitapo. Adali pa kavalo wotchedwa Early amene anthu ambiri adambetchera, koma phuma lakale lija lidambwerera, nammasula msanga, ndipo Judge Himes adampitirira atatsala pang'ono kufika. Pa Derby zinayi zimene adakwera, adakhala wachitatu, woyamba, woyambanso, ndi wachiwiri. Chaka chotsatira adali atachoka m'dzikomo.

Kuti timvetse kuchoka kwakeko tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1896, chaka chomwe Murphy adamwalira, bwalo lalikulu la milandu la America lidagamula pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson kuti kulekanitsa azungu ndi akuda m'sitima ndi m'malo ena nkololedwa. Malamulo a tsankho, amene ankatchedwa Jim Crow, adalimba m'zigawo zonse za kumwera. Komabe chodabwitsa nchakuti palibe lamulo limene lidalembedwa loletsa munthu wakuda kukwera kavalo wa mpikisano. Silidafunike. Ntchito itayamba kulemeretsa, anyamata achizungu adailowa ambiri, ndipo cha m'ma 1900, makamaka ku New York ndi ku Chicago, adayamba kugwirizana pabwalo. Wokwera wakuda ankamtsekera pakati, kutsogolo wina, kumbali wina. Ankampanikizira kumpanda wa m'mphepete mwa njira. Chikoti chimene chidayenera kugwa pa kavalo chinkagwa pa munthu. Winkfield yemwe adapanikizidwa kumpanda pa bwalo la Harlem ku Chicago mu Ogasiti 1900, navulala pamodzi ndi kavalo wake. Akuluakulu a mabwalo, amene adamuimitsa chaka chathunthu chifukwa cha phuma la tsiku limodzi, zinthu zotere ankangoziyang'ana.

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse, ndipo ndikupempha anzanga a mbiri ndi a zachuma kuti apaonetsetse. Mwini kavalo sadafunikire kudana ndi anthu akuda kuti aleke kuwalemba ntchito. Kudali kokwanira kuti akonde kavalo wake. Kavalo wa madola zikwizikwi, ukamkweza mnyamata wakuda, ndiye kuti akatsekeredwa, mwinanso athyoka mwendo pampanda. Ukamkweza mzungu, ngakhale wa luso lochepa, abwerera kukhola ali bwino. Chotero bwana aliyense payekha ankachita chimene chinkaoneka chanzeru, ndipo aliyense akadatha kulumbira kuti iye alibe tsankho. Obetcha nawo adaphunzira msanga kuti ndalama zawo zisamapite pa kavalo wokwera munthu wakuda. M'zaka zosakwana makumi awiri ntchito idatha m'manja mwa eni ake, popanda chikalata, popanda siginecha imene wolemba mbiri angailoze. Amuna amene dzulo lake ankaomberedwa m'manja adabwerera kukhola kukagwira fosholo, kumene agogo awo adayambira. Ntchitoyi idali yawo pamene idali yonyozeka. Italemekezeka idapeza eni ena.

Sindikufuna kumuyeretsa Winkfield ngati mngelo. Mu 1903 momwemo adalonjeza kukwera kavalo wa John Madden, mmodzi wa anthu amphamvu kwambiri pa malonda a akavalo m'dzikomo, mu mpikisano wa ndalama zambiri wa Futurity ku New York. Wina atamlonjeza ndalama zochuluka, adathyola pangano nakwera kavalo wina, ndipo sadapambane nkomwe. Chakomachakoma pusi adagwa chagada. Madden adakwiya, ndipo akavalo abwino adayamba kumsowa. Alipo amene amati ichi ndicho chidamchotsa ku America, osati khungu lake. Kulakwa adalakwadi, koma mlandu wa Madden ungafotokoze za munthu mmodzi, sungafotokoze chifukwa chimene anzake onse, amene sadathyole pangano ndi wina aliyense, adazimiririka pa nthawi yomweyo. Mkwiyo wa bwana mmodzi umapha ntchito ya munthu pokhapokha ngati makomo ena onse ali kale otseka.

Khomo lidatseguka kutsidya la nyanja, ndipo chifukwa chake chidali kakhalidwe ka pachishalo. Okwera a ku Europe ankakhala chowongoka, miyendo italendewera, ngati msilikali pa perete. A ku America adafupikitsa zopondera, nkumanyonyomala chowerama pamwamba pa mapewa a kavalo, kotero kuti mphepo siyiwagunda kwambiri ndipo msana wa kavalo umatambasuka momasuka. Willie Simms, wokwera wakuda amene pambuyo pake adapambana Derby mu 1896 ndi 1898, adakakwera motero ku England mu 1895, anthu namuseka. Patapita zaka ziwiri mzungu Tod Sloan adakachita zomwezo, napambana kwambiri, ndipo mbiri ya kakhalidweko idapita kwa iye. Kuyambira pamenepo olemera a ku Europe ankalimbirana okwera a ku America. Mu 1904 Winkfield adakwera sitima ya pamadzi, osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la chinenero cha kumene ankapita, kukagwira ntchito kwa Mikhail Lazarev, mwini chuma cha mafuta amene adali ndi makola ku Poland, dziko limene panthawiyo mbali yake yaikulu idali pansi pa mfumu ya Russia.

Munthu yemweyo, manja omwewo. Chaka choyamba chomwe adapambana mipikisano ikuluikulu ku Warsaw ndi ku Moscow, ndipo m'zaka zotsatira adatenga Derby ya Russia kangapo. Adakakweranso ku Austria ndi ku Germany, kenaka nabwerera ku Moscow kukakwera akavalo a Leon Mantashev, wa banja lina lolemera ndi mafuta a ku Baku. Adaphunzira chinenero cha kumeneko, ankagona mu hotela ya National pafupi ndi Kremlin, ndipo mwana wa tenanti uja adali ndi mzungu womtumikira. Kwa ine umenewu ndiwo umboni waukulu pa funso lathu lija. Luso silidaphwe, lidangosamuka.

Koma tisafulumire kuitama Russia ya masiku amenewo ngati dziko la chilungamo. Kumeneko ukapolo wa alimi udali utangothetsedwa mu 1861, ndipo mu Januwale 1905, Winkfield atangofika kumene, asilikali a mfumu adaombera khamu la antchito amene adapita kukadandaula ku St Petersburg. Ayuda ankaphedwa m'midzi mwawo. Dzikolo lidali ndi anthu ake oponderezedwa, kungoti munthu wakuda mmodzi, wochokera kutali, wopindulitsa mabwana, sadali m'gulu lawo. Winkfield adathawa pansi pa mulu wina nakapezeka pamwamba pa mulu wina. Sindikumuweruza, ndingoti ufulu umene adaupeza udali ufulu wa mlendo wokondedwa ndi eni chuma, ndipo ufulu wotere umatha tsiku limene eni chumawo agwa.

Adagwadi mu 1917. A Bolshevik atalanda boma, kavalo wa mpikisano adasanduka chizindikiro cha mabwana, ndipo m'dziko la nkhondo ndi njala adalinso ndiwo. Winkfield adatsikira kumwera, ku Odessa, m'mphepete mwa Black Sea, kumene kudali akavalo ambiri a ku Poland amene adawathawitsira kumeneko mu 1915 poopa asilikali a Germany. Mu Epulo 1919, asilikali ofiira atayandikira mzindawo, gulu la eni akavalo, ophunzitsa, okwera ndi osamala, pamodzi ndi akazi ndi ana, motsogozedwa ndi Fryderyk Jurjewicz, lidanyamuka ndi akavalo oposa 250 kulowera ku Warsaw kudzera ku Romania. Mtunda wake udali ngati mamailosi 1,100, woposa kutalika kwa Malawi yense kawiri, ndipo adauyenda pafupifupi miyezi itatu. Tangoganizani, nyama zoleredwa ngati ana a mfumu, zozolowera udzu wosankhidwa ndi bulangeti usiku, zikuyenda m'matope, kudutsa midzi yotenthedwa, kumene anthu ake anjala ankaziona ngati nyama yoyenda yokha. Anthu a m'gululo adavutika ndi njala, m'malo ena nkumaomberedwa poyesedwa asilikali. Komabe adafika ku Warsaw mu Juni, akavalo ambiri ali moyo, ndipo ndiwo adakhala mbewu ya akavalo a mpikisano m'dziko la Poland limene lidali litangolandira ufulu. Winkfield adafika wopanda kanthu. Chuma chonse cha zaka 15 chidatsala m'mbuyo. Adatsalanso m'mbuyo mkazi wake wa ku Russia ndi mwana wawo, monga adatsalira mkazi woyamba ku America. Pa za banja sadali munthu woti nkutengerako chitsanzo.

Za ku France ndidutsa mofulumira, pakuti zidali zaka za mtendere. Mantashev, amene nayenso adathawira ku Paris, adamuitana, ndipo adayambiranso. Adapambana Grand Prix de Deauville ndi Prix du Président de la République. Adakwatira Lydia de Minkwitz, mwana wa banja lolemekezeka la ku Russia lothawa kwawo, nakhazikika ku Maisons-Laffitte, katauni ka akavalo kufupi ndi Paris. Mu 1930 adatsika pachishalo atapambana mipikisano pafupifupi 2,600 m'moyo wake, nayamba kuphunzitsa akavalo pakhola lakelake. Ku America chinthu chotere chikadakhala loto.

Kenaka nkhondo idamupezanso. Asilikali a Hitler adalowa France mu 1940, nalanda makola a ku Maisons-Laffitte, lake lomwe. Mu 1941 adafika ku New York ndi banja lake, m'thumba muli madola 9. Munthu wopambana Derby kawiri, wa zaka pafupifupi 60, adalembedwa ntchito yoswa misewu ndi chitsulo chobowolera miyala ku Queens. Pambuyo pake adatsikira ku Aiken, ku South Carolina, kukakhala wosamala akavalo a eni, ntchito imene adayambira ali mwana, m'chigawo chimene mkazi wake wachizungu ndi iye sakadatha kukhala pa mpando umodzi m'basi. Pang'onopang'ono adayambanso kuphunzitsa akavalo m'mabwalo ang'onoang'ono, ndipo mu 1953 adabwerera ku France, kumene adatsegulanso khola pamodzi ndi mwana wake Robert. Kachitatu konse adayamba ndi manja okha.

Akulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mu 1961, patatha zaka 60 chipambanire pa His Eminence, nkhalambayo idapita ku Louisville kukaonerera Derby. Magazini ya Sports Illustrated idamuitanira ku phwando la atolankhani a za akavalo mu hotela ya Brown, ndipo adapita ndi mwana wake wamkazi, Liliane. Mlonda wa pakhomo adawakaniza kulowera khomo la kutsogolo. Adaima pamenepo, mlendo woitanidwa, mpaka uthenga utapita m'kati ndi kubwerako, ndipo pomwepo adawalola. M'katimo mudadzaza anthu amene ntchito yawo idali kulemba za akavalo ndi mbiri ya Derby, koma pafupifupi onse adangowayang'ana ngati mipando. Amene adadza kudzacheza nawo adali Roscoe Goose, mzungu wokalamba amene adapambana Derby ya 1913 pa Donerail, kavalo amene palibe ankamuyembekezera. Wokwera adamdziwa wokwera mnzake. Pa tsiku la mpikisano nkhalamba ziwirizo zidakhala pamodzi, zikuonerera Carry Back akupambana.

Chimene chimandivutitsa maganizo pa nkhani ya pakhomoyi si mlonda uja, pakuti iye ankangotsata zimene adamuuza. Ndi atolankhani aja. Pofika 1961 kufafaniza kudali kutatheka kotero kuti anthu ophunzira, okonda masewerawo ndi mtima wonse, sadaone chachilendo kuti m'bwalo lonse mulibe wokwera wakuda. Kwa iwo zinthu zidali choncho chiyambire. Chimene chidatsala cha okwera akuda chidali tizifanizo tachitsulo ta kamnyamata kakuda kovala zovala za mpikisano, katatambasula dzanja logwira chingwe, timene olemera ankaimika pakapinga kutsogolo kwa nyumba zawo.

Winkfield adabwerera ku Maisons-Laffitte, ndipo adamwalira komweko pa 23 Malichi 1974, ali ndi zaka zopitirira 90. Ku Kentucky, wokwera wakuda Henry King atakwera mu Derby ya 1921, padapita zaka 79 popanda wina, kufikira Marlon St. Julien mu 2000, amene adakhala wachisanu ndi chiwiri. Kendrick Carmouche naye adakwera mu 2021. Mu 2004, patatha zaka 30 ali m'manda, dzina la Winkfield lidalembedwa m'nyumba yolemekezera akatswiri a mipikisano ya akavalo ku Saratoga Springs, ndipo chaka chotsatira bwalo la Aqueduct ku New York lidatcha mpikisano wina dzina lake. Amene adakalandira ulemuwo ku Saratoga m'malo mwa bambo ake adali Liliane, ali gogo wa zaka pafupifupi 80, yemwe uja adaima nawo pakhomo la hotela ya Brown.